Buku la Martin Limene Owerenga Amati Ndi Lotopetsa

Pa mabuku asanu a A Song of Ice and Fire amene George R. R. Martin watulutsa, lachinayi ndilo limanenedwa kwambiri. A Feast for Crows linatuluka mu 2005, anthu atalidikira zaka zisanu, ndipo litangofika m'mashopu linakhala pamwamba pa mabuku ogulidwa kwambiri a New York Times. Koma ambiri atalimaliza anagwa mphwayi. Mpaka lero madandaulo ake ndi omwewo: nkhani siikuyenda, palibe chochitika, anthu amene tinawazolowera kulibe.

Dandaulo lomalizali ndi loona. Martin ataona kuti zolemba zake zachuluka moti sizingakwane m'buku limodzi, anazigawa potsata madera. Tyrion, Bran, Daenerys ndi zinjoka zake anawasungira buku lotsatira, limene ankayembekeza kulitulutsa patatha chaka chimodzi koma linadzatuluka mu 2011. Munthu amene anagula buku kuti amve za Tyrion n'kupeza mitu ya anthu achilendo a ku Dorne ndi ku Iron Islands ali ndi chifukwa chokwiyira. Ngakhale ine mitu ina ya ku Iron Islands ndimaiona kuti inatalika mopitirira.

Chimene ndimakana ndi mawu akuti palibe chochitika. Buku lachitatu, A Storm of Swords, linatizoloweza imfa za anthu otchuka: Robb Stark aphedwa pa ukwati, Joffrey afa ndi poizoni pa ukwati wake, Tywin Lannister alasidwa ndi mwana wake. Owerenga tinayamba kuyesa kuti chochitika ndi pamene mfumu yagwa basi. Lachinayi likutitengera kumidzi kumene magulu ankhondo anadutsa, kuti tikaone chimene chatsala.

Mitu imene imanyozedwa kwambiri ndi ya Brienne, ndipo kwa ine ndiyo mtima wa bukuli. Mayiyu akuyenda kufunafuna Sansa Stark, pamene wowerenga akudziwa kale kuti Sansa ali ku Vale, kutali ndi kumene Brienne akulowera. Anthu amati uku n'kutaya nthawi. Koma chifukwa choti sitikudera nkhawa za kumene mtsikanayo ali, maso athu amagwera pa zam'njira: minda yogonera, mitembo yolendewera m'mitengo, tauni ya Saltpans imene inatenthedwa mwini linga atadzitsekera m'kati osatuluka kukathandiza anthu ake. Pa nyumba ya alendo ya pamphambano mwadzaza ana amasiye, wamkulu akulera wamng'ono. Pamenepo Brienne akutulukira achifwamba asanu ndi awiri, akudziwa kuti sangawathe, kuteteza ana amene palibe mfumu ikudziwa mayina awo.

M'njiramo akumana ndi Meribald, mlaliki woyenda wopanda nsapato, ali ndi bulu wonyamula chakudya chogawira osauka ndi galu wake. Iyeyu anapita kunkhondo ali mwana. Akufotokoza mmene mnyamata wakumudzi amatsatirira mbendera ya bwana wake mokondwa, abale ake n'kufa mmodzimmodzi, zovala n'kutha, njala n'kumuphunzitsa kuba nkhuku za alimi onga makolo ake, mpaka tsiku limene amathawa n'kusanduka chilombo chakutchire. Masamba ochepa amenewa amanena za nkhondo kuposa nkhondo zonse zimene Martin anazilemba m'mabuku atatu oyamba.

Mwina chimene chimandikhudza n'chakuti kwathu kuno nkhondo tinaionera mbali imeneyi. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inabweretsa m'Malawi anthu othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ambiri kudzera ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Sitinaone akuluakulu ankhondo akukonza mapulani. Tinaona amayi atasenza mphika ndi mphasa, mwana ali kumbuyo. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome mu 1992, koma Mozambique inalengeza kuti yamaliza kuchotsa mabomba okwirira mu 2015. Zaka makumi awiri ndi zitatu zimenezo ndi nkhani yeniyeni, ngakhale kuti palibe ng'oma yankhondo ikulira m'menemo.

Za ndale nazo sizinagone. Kwa nthawi yoyamba tikulowa m'mutu mwa mfumukazi Cersei, ndipo tikuona munthu wodziyesa wochenjera akudzikumbira dzenje. Akusiya kubweza ngongole ku Iron Bank ya ku Braavos kuti amange zombo, zombozo n'kuzipereka kwa munthu amene pamapeto pake akuthawa nazo. Akulola achipembedzo kunyamulanso zida pofuna kuti amukhululukire ngongole ya boma, ndipo omwewo ndi amene akudzamutsekera m'ndende. Kodi achipembedzowa mphamvu anazitenga kuti? Anazitenga kwa amphawi othawa nkhondo amene anakhamukira ku King's Landing, ena atanyamula mafupa a atsogoleri awo achipembedzo ophedwa n'kuwaunjika pabwalo la kachisi. Ndi anthu omwe aja amene Brienne ankakumana nawo pamsewu. Wodumpha mitu ya Brienne kuti afike msanga pa Cersei sangamvetse chimene chinagwetsa Cersei.

Matsenga m'bukuli ndi ochepa, ndipo amene alipo sasangalatsa. Catelyn Stark, mayi ake a Sansa, amene anaukitsidwa kwa akufa, akungopachika anthu, olakwa ndi osalakwa omwe. Gulu limene linayamba ndi cholinga choteteza alimi tsopano likumutumikira pobwezera, ndipo chingwe chake chikufika pakhosi pa Brienne, amene analumbira kwa Catelyn yemweyo kuti adzamupezera ana ake.