Phunziro la nyimbo limayambira m'thumba la kholo

Mchemwali wanga amakhala ku Leeds. Mwana wake wamkazi atakwanitsa zaka 16 anafika pamphambano imene ana a ku England amafikapo, yosankha maphunziro atatu oti alimbane nawo zaka ziwiri za A-level asanapite ku yunivesite. Mtsikanayo anasankha masamu, bayoloje ndi nyimbo. Usiku womwewo foni yanga inalira. "Achimwene, mphwanuyu mumulankhule. Ine ndizikhalira kugwira ntchito usiku kuti iye azikaimba?"

Ndinavomera kuti ndimulankhula, koma ndinayamba ndapempha mwanayo kuti anditumizire silabasi. Nditaiwerenga ndinaona kuti wofunika kumulankhula ndi mayi ake.

Ambiri a ife tikamva zoti mwana akuphunzira nyimbo kusukulu timaganiza za nthawi ija aphunzitsi akatopa ankatitulutsa panja kuti tikaimbe pansi pa mtengo. Kumeneko si zimenezo ayi. Ku bungwe la mayeso la Edexcel, malikisi 30 pa 100 alionse amachokera pa kuimba kapena kuliza chida kwa mphindi zosachepera zisanu ndi zitatu, makina ojambulira mawu ali chiyatsire. Ena 30 amachokera pa nyimbo ziwiri zimene wophunzira wapeka yekha. Otsala 40 ndi a mayeso olemba: amakuikira nyimbo, ina yoti sunaimvepo chibadwire, n'kukuuza kuti ufotokoze mmene inamangidwira. Pa nyimbo zoti mwana azidziwe ngati kunsi kwa phazi lake pali za Bach ndi Berlioz, pali The Rite of Spring ya Stravinsky imene inautsa chipwirikiti itaimbidwa koyamba ku Paris mu 1913, pali chimbale cha Revolver cha The Beatles cha 1966, komanso nyimbo zimene Bernard Herrmann anapekera filimu ya Psycho.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kantchito kena kooneka ngati kachabe. Wophunzira amapatsidwa mzere wa sopulano wokha, ndipo iye aikepo aluto, tena ndi besi monga akanachitira Bach, mkulu uja anatsogolera zoimba m'tchalitchi cha St Thomas ku Leipzig kuyambira 1723 mpaka pamene anamwalira mu 1750. Malamulo ake ndi okhwima. Mawu awiri otalikirana mpata wa manotsi asanu saloledwa kukwera kapena kutsika limodzi akusunga mpata womwewo. Tena asadumphedumphe ngati chiwala. Liwu lililonse likhale loimbika palokha, komanso onse anayi akakumana agwirizane. Ukakonza besi, aluto yaonongeka. Ukaongola aluto, wagunda lamulo lina kumbuyo. Amenewa ndi masamu ndithu, kungoti yankho lake liyeneranso kukoma m'khutu. Mwana wochita zimenezi zaka ziwiri amaphunzira kusunga zinthu zinayi m'mutu nthawi imodzi, luso limene loya ndi injiniya yemwe amadyera.

Komatu ntchito imeneyi si yachilendo kwa ife. Aliyense wokulira m'kwaya ya mpingo amamudziwa mkulu uja amene amamva nyimbo kamodzi n'kuyamba kugawira magulu anayi mawu awo. Ngakhale solofa imene makwaya athu amaidalira inachokera ku England komweko: anaiyamba ndi Sarah Glover wa ku Norwich, John Curwen n'kuifalitsa, amishoni n'kubwera nayo. Khutu la mawu anayi tili nalo kale. Chodabwitsa n'chakuti chimene timachiombera m'manja Lamulungu timachitcha masewera Lolemba.

Tisawaseke makolo okha, pakuti boma la ku England nalonso linawakankhira ku maganizo omwewo. Mu 2010, Michael Gove ali nduna ya zamaphunziro, anabweretsa muyeso wa EBacc, wopimira masukulu potengera mmene ana akhozera Chingerezi, masamu, sayansi, chilankhulo china, ndi hisitole kapena jogalafe. Nyimbo anaisiya kunja. Mphunzitsi wamkulu aliyense anadziwa kumene ayenera kuika ndalama. Kuyambira pamenepo olemba A-level ya nyimbo achepa pafupifupi ndi theka, moti tsopano ali cha m'ma 5,000 pachaka. Kalasi ikatsala ndi ana atatu sukulu imaitseka, ndipo ikatsekedwa mphunzitsi amachoka osabweranso. Mayunivesite akuluakulu a m'gulu la Russell Group anali ndi mndandanda wa maphunziro amene ankati amatsekula makomo ambiri, wopandamonso nyimbo. Anauchotsa mu 2019, koma mantha aja anatsalira m'mitima ya makolo.

Nkhawa ya mchemwali wangayo sindikuitaya yonse. Wofuna udokotala ku England ayenera kusamala, pakuti masukulu ambiri a udokotala amafuna kemisitile, ndipo mipando ya A-level ndi itatu yokha. Koma wofuna zamalamulo sauzidwa phunziro loti akhale nalo, amangofunika magiredi apamwamba. Silabasiyo nayonso ili ndi chilema chake, chifukwa imakondera wodziwa kuwerenga manotsi. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene gitala yake inachititsa Gerhard Kubik wa ku Vienna kulemba buku, mwina akanavutika ndi pepala lolemba lija, chonsecho palibe woyesa mayeso amene akanamuposa zala.

Komabe vuto lenileni lili penapake pamene sitikuyang'ana. Masamu mwana amawapeza m'kalasi kwaulere kuyambira ali wamng'ono. Nyimbo ya A-level imafuna kuti polowa akhale akuliza kale chida pamlingo wa giredi 5 kapena kuposerapo, pa magiredi asanu ndi atatu a mabungwe ngati ABRSM, ndipo pomaliza afike cha pa giredi 7. Zimenezi sizimera m'chaka chimodzi. Ndi zaka zambiri za phunziro la mlungu ndi mlungu, la mapaundi makumi angapo pa ola, kuonjezapo chida, mabuku ndi ndalama za mayeso. M'mera mpoyamba. Mwana wa wosamalira okalamba, amene mayi ake amatumizanso kangachepe kumudzi mwezi ndi mwezi, amapeza khomo linatsekedwa kale ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, iye osadziwa. Phunziro limene timalinyoza kuti ndi la ana olephera likusanduka la ana a anthu olemera. Mphwangayo anapulumukira pa mayi wina wa kutchalitchi amene ankamuphunzitsa piyano kwaulere mapemphero akatha.

Tsono inu makolo amene muli kumeneko, ngati muli ndi kamwana kamene kamagogoda tebulo ndi supuni kapena kutsatira aluto osauzidwa, musadikire kakwanitse zaka 16. Kuyambira 2012 madera a ku England ali ndi ma music hub, amene amabwereketsa zida ndi kuphunzitsa ana pamtengo wotsika. Pitani kusukulu sabata ino mukafunse aphunzitsi ake kuti ya kwanuko ili kuti.