Chipolopolo Chimodzi: Chilungamo kwa Ndani?

Ku America kuli alenje oti ndalama zogulira mfuti zamakono ali nazo, koma amasankha dala gogodela, mfuti yothira onga kukamwa n'kusinja ndi kamtengo ija. Ku Pennsylvania, Khirisimasi ikangodutsa, amatsegula nyengo yosaka agwape ndi mfuti za flintlock. Mwala umakhula chitsulo, moto n'kuthetheka, kuyatsa tionga ta m'kambale, kenako n'kulowa pakabowo kukayatsa onga wam'kati. Kukachita chinyezi, imatha kukana osalira. Ikalira, chipolopolo n'chimodzi basi. Pomwe uzithiranso onga, gwape ali kuseri kwa phiri.

Eni ake amati uku ndiye kusaka mwachilungamo, poti nyama nayo ili ndi mpata wothawa. Koma ine ndimafunsa: chilungamo chimenechi chikukomera ndani?

Taganizani. Mfuti ya .50, alenje ambiri amaithira onga wa ma grain 80 mpaka 100, pamwamba pake n'kusinjirapo kampira kamtovu kokulunga m'kansalu. Kampira kozungulirako kamatha mphamvu msanga, moti kakayenda mtunda wautali kamangovulaza osapha. Komanso flintlock ikachedwa kulira ngakhale pang'ono pokha, dzanja limagwedera, chipolopolo n'kulowa m'mimba m'malo mwa m'chifuwa. Gwape amathawadi, koma kukafera patchire mawa lake, akubuula yekhayekha. Mpata wanji umenewo?

Pali gogodela wina wamakono, wa in-line, woyatsa ndi primer ya 209. Ameneyu sachedwa kulira ndipo chinyezi sichimuvutitsa kwambiri. Okonda zakale amamunyoza, ati n'kubera. Komatu gwape akanafunsidwa, sindikhulupirira kuti akanasankha imfa yapang'onopang'ono pofuna kuti mlenje adzimve kuti ndi dolo.

Sindikunena kuti flintlock itayidwe ayi. Maganizo anga ndi akuti mlenje akafuna kudzivutitsa, vutolo aliike pa thupi lake, osati pa thupi la nyama. Akwawe m'chipale, awerenge mphepo, ayandikire mpaka mamita 50. Onga ayeze womwe mfuti yake imalasa nawo molunjika, osati wongokometsa phokoso. Mwala akhale wakuthwa, kambale kakhale kouma. Ndipo mtima ukakayika, atsitse mfuti, abwerere chimanjamanja.

Kubwerera chimanjamanjako ndiye mtengo weniweni wa chilungamo, chifukwa wolipira ndi iye amene anasankha masewerawo. Gwape sanasankhe kanthu.