Kodi mmisiri ali ndi ufulu wobisa ntchito yake?

M'chaka cha 1907, ku Stockholm m'dziko la Sweden, mayi Hilma af Klint adajambula zithunzi khumi zikuluzikulu, chilichonse chotalika kuposa mamita atatu. Zithunzizo zimafotokoza moyo wa munthu kuyambira ubwana mpaka ukalamba, koma mulibe nkhope ngakhale imodzi. Muli mizere yozungulira ngati chigoba cha nkhono, timadontho tonga mbewu, ndi maluwa amene sadamerepo m'munda wa wina aliyense. Sikuti duwa lenileni linkawakanika. Adaphunzira zaluso mumzinda momwemo, ndipo ndalama ankazipeza pojambula zomera, malo ndi nkhope za anthu monga momwe zilili.

Chimene chimandisautsa ine ndi zomwe adachita nazo zithunzizo. Pomwalira mu 1944, adasiyira mwana wa mchimwene wawo zojambula zoposa 1,200, atalamula kuti zachilendozi zisaonetsedwe mpaka patapita zaka 20. Ankaona kuti anthu a nthawi yawo sakadazimvetsa.

Kodi kumeneku si kudzikuza? Ndani adampatsa mmisiri mphamvu zoweruza m'badwo wonse kuti ndi wakhungu? Anthu amene ankayenda nawo m'misewu imodzi adafa osaziona, ndipo mwina pakati pawo padali mtsikana amene zikadamtsegula maso. Mbiri nayonso idapotoka: kwa zaka zambiri ulemu woyambitsa zithunzi zosafanizira chinthu chenicheni unkapita kwa Wassily Kandinsky ndi anzake, amene adayamba zawo pambuyo pa mayiwa.

Komabe mtima wanga ukukana kuwadzudzula. Iwo ankakhulupirira kuti mizimu ndiyo inkawatsogolera dzanja, ndipo zithunzi 193 adazijambulira kachisi amene sadamangidwe n'komwe. Kwa iwo sizidali malonda. Ife a kuno tisachite ngati izi n'zachilendo. M'mapanga a ku Chongoni, ku Dedza, muli zojambula zina zokhudza chinamwali, zimene tanthauzo lake ankaululira anamwali okha nthawi yake ikakwana. Palibe ankati anamkungwi ndi odzikonda. Ankadziwa kuti chinthu chopatsidwa kwa munthu wosakonzeka amachiseka, ndipo chimene wachiseka sabwereranso kukachiphunzira.

Chithunzi cha mtunduwu chimafuna zomwezo. Ukachifunsa kuti "Kodi ichi n'chiyani?" sichiyankha. Uyenera kuima pamenepo mpaka uzindikire kuti kupindika kwa mzerewo udakuonapo kale m'mphukira ya dzungu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wothamanga amangoti, "Ngakhale mwana wanga angajambule zimenezi," n'kupita.

Pomwe ndikukayika ndi pa chiwerengerocho. Zaka 20 sizidakwane. Dziko lidayamba kuziona bwino mu 1986 ku Los Angeles, ndipo chionetsero cha ku Guggenheim ku New York, chimene chidayamba mu 2018, chidakopa anthu oposa 600,000. Apo n'kuti mwini wake atagona m'manda zaka 74. Mwa anthu amene adaima pamzerewo, sindikhulupirira kuti onse adali odekha kuposa agogo awo.