Kupatsa n'kuika, ngakhale pafoni

Ana anga, inu amene mwangotuluka kumene ku Lilongwe TTC ku Area 25 kuja n'kugwira choko, tcherani khutu.

Mu 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana anasefukira m'makalasi mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Ambirife tinayamba ntchito tisanaidziwe bwino. Phunziro likakuvuta, unkagona nalo. Ngakhale ma TDC, malo okumanira aphunzitsi, atamangidwa, unkadikira tsiku la msonkhano, kupalasa njinga, n'kukakopera sikimu ya mnzako pamanja.

Inu muli ndi mwayi umene ife tinkaulakalaka. Gulu la pa WhatsApp la aphunzitsi a m'zoni mwanu lili m'thumba. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, magulu oterewa ndi amene anathandiza aphunzitsi ambiri kuti asatayane.

Koma ndaona khalidwe limene likundidetsa nkhawa. Ena mumangolowamo kukatola manotsi ndi mafunso a Sitandade 8, n'kutuluka mwakachetechete. Nkhokwe yongotapamo sichedwa kuoneka pansi.

Taganizani za mayi wina wophunzitsa Sitandade 2 ku Chinsapo, ana oposa 100 atakhala pasimenti. Watolera zitsekerero za mabotolo pamsika, wagawira ana khumikhumi, ndipo mwana amene dzulo sankatha kuchotsera lero wakweza mkono. Madzulo mayiyo ajambule zitsekererozo, alembe mizere itatu yofotokoza mmene wachitira, aziike pagulu lija. Mawa lake mnzake wa ku Kawale ayesa, aona kuti ana akulimbirana, abweza mawu kuti iye wawaika m'timagulu ta asanuasanu. Nzeru ija yabwerera kwa mwini wake itanenepa. Kupatsa n'kuika.

Mukalephera, nenaninso. Kulemba kuti "anzanga, ana anga sakumva kugawa, ndithandizeni" si manyazi ayi. A PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni, akakhala m'gulumo, musaope; nawonso anayamba ndi manja onjenjemera.

Samalani ulemu wa gulu. Nkhope ya mwana wa eni ndi malikisi ake si zomwaza. Pepala loti ndi mayeso obedwa musalitumize kwa wina: kumbukirani mmene MSCE ya 2020 inaimitsidwira, ana osalakwa n'kulembanso.

Bandulo ndi yodula, ndikudziwa. Choncho iwonongereni pa zomanga. Sabata ino isathe musanaike m'gulumo kanthu kamodzi kamene mwayesa ndi manja anu pabolodi.