Koloko ya Havisham ndi Zidzukulu za ku Chowe

Munthu wotsika m'mapiri a ku Chowe kunka ku boma la Mangochi, akangooloka mlatho wa pa Shire aona nsanja ya njerwa imene Angerezi anamanga pokumbukira Mfumukazi Victoria, yomwe inamwalira m'caka ca 1901. Pomwepo pali cikumbutso ca anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu July 1946. Palibe adandaula nazo zikumbutso izi, pakuti kukumbuka akufa ndi ulemu. Koma kulipo kukumbuka kwina kumene kudya mwini wace ngati ciswe, ndipo ndi kumeneko tifuna tikambirane lero, owerenga athu.

Charles Dickens, m'buku lace lochuka la Great Expectations, la m'caka ca 1861, atisonyeza mai wolemera dzina lace Havisham. Pa tsiku la ukwati wace, ali mkati mobvala, analandira kalata yocokera kwa Compeyson, mwamuna wonyenga amene anamdyera cuma, yonena kuti ukwati palibe. Pamenepo maiyo anaimitsa makoloko onse a m'nyumba itatsala mphindi 20 kuti ikwane 9 koloko. Cobvala ca ukwati sanacibvulenso mpaka cinasanduka cacikasu pathupi pace. Nsapato inali kuphazi limodzi lokha. Keke inaolera pa tebulo, mbewa ndi akangaude nkumacita nayo phwando. Mazenera anatseka kuti dzuwa lisalowe.

Tisafulumire kumseka. Anamlakwiradi, ndipo cisoni cace cinali ca zoona. Akadangozunza thupi lace lokha tikadati mwini cironda ndiye adziwa kuwawa kwace. Coipa cinali ici: anatenga kamwana kakakazi, Estella, nakalera kuti kadzakhale cida ca kubwezera amuna onse. Mwana amene sanamuonepo Compeyson anasenzedwa mlandu wa Compeyson, nakula wosadziwa kukonda munthu, ngakhale mai womlerayo.

Kodi kwathu kuno kulibe makoloko oima? Usiku wa pa 12 February 1965 Henry Masauko Chipembere, amene anatula pansi unduna mu September 1964, analowa m'Fort Johnston ndi anthu ace, nagonjetsa polisi, nalunjika ku Zomba. Pa Liwonde anapeza pantoni iri tsidya lina, ndipo ulendo unathera pomwepo. Zotsatira zace zinagwera anthu wamba a kum'mawa kwa Shire ndi m'mbali mwa nyanja: asilikari anasakasaka m'mapiri, midzi ina inatenthedwa, anthu ambiri anatsekeredwa osaweruzidwa. Medson Silombela anapacikidwa ku Zomba mu 1966, ndipo Chipembere mwini anafera ku America mu 1975. M'masiku otero mnansi amaopa mnansi, cifukwa mau amodzi onong'oneza kwa akuru a cipani anali okwana kumcotsa munthu pakhomo pace zaka zambiri.

Amene anaona zimenezi ndi maso tsopano ndi nkhalamba, ndipo madzulo akhala ndi zidzukulu pakhonde. Apa ndipo pagona nkhani. Gogo akafotokoza m'mene anamtengera usiku, ndi njala ya m'ndende, ndi munda umene anaupeza uli thengo pobwera, acita bwino. Mwana ayenera kudziwa mbiri ya kwao, ndipo dziko lobisa zotere lidzazibwereza. Koma akaonjeza kuti, kubanja lakutilakuti usakakwatireko, pa maliro pao usakaponde, cifukwa agogo ao ndiwo ananditula ku boma, pamenepo wayamba kulera Estella. Mdzukulu wa tsidya linalo anabadwa zonse zitatha kale. Walakwanji?

Ena adzati, inu mufuna tiiwale kuti olakwa apumule. Ai ndithu. Ngongole ndi ngongole. Malamulo a dziko a 1994 anakhazikitsa bwalo lopepesa anthu ozunzidwa m'nthawi ya cipani cimodzi, koma bwalolo linatsekedwa ambiri asanalandire cao, monga ofesi ya Ombudsman inaonetsa m'lipoti lace la 2017. Wofunsa cipepeso cace kwa boma ali m'coonadi, ndipo asatope. Kungoti mlandu wa boma ufunsidwe ku boma. Mwana wa mnansi sangaulipe. Madzi akatayika saoleka, koma pacitsime tonse titungabe pamodzi.

Cobvuta n'cakuti cironda cakale cimazolowereka, nicisanduka ngati cuma ca munthu. Havisham akadatsegula mazenera akadayenera kufunsa kuti, nanga ine ndine yani popanda tsoka langa? Funso limeneli liopsa koposa mdima, ndipo tiganiza kuti n'cifukwa cace ambiri a ife tikonda kukanda pamene panayamba kupola.

M'bukumo kulapa kunadza, koma mocedwa. Pamene Havisham anamva mnyamata Pip akuulula cikondi cace kwa Estella, ndi Estella akumyankha mouma mtima, anazindikira kuti wapanga Compeyson wina ndi manja ace. Pambuyo pace anagwada pamaso pa Pip kupempha cikhululuko, ndipo Pip anamkhululukira. Tsiku lomwelo cobvala cija cinagwira moto wa pa mafuwa, ndipo patapita masabata anamwalira. Estella anali atakwatiwa kale ndi Drummle, mwamuna wankhanza amene anamzunza mpaka anapatukana.