Mlandu wa Utsi wa ku Ng'ombe

Madzulo a m'cilimwe utsi umafuka kuseri kwa nyumba zambiri m'komboni ya Ng'ombe mu Lusaka. Mai akasesa pabwalo amaunjika zinyalala m'dzenje nakolezapo moto, ndipo m'menemo muli masamba, nsanza ndi mapulasitiki. Kodi mai wotere ali ndi mlandu?

Akatswiri anapeza kuti zinyalala zosakanizika zikamanyeka pa moto wofooka, makamaka pakakhala pulasitiki wa PVC, pamabadwa ciphe cochedwa dioxin. Ciphe cimeneci sicivunda msanga. Cimatsalira m'phulusa ndi m'dothi zaka zambiri. Nkhuku yopalasa pamenepo imacitengera m'mazira, ndipo munthu akadya cimakhazikika m'mafuta a m'thupi mwace, kufikira cilowa mu mkaka woyamwa khanda. Ndiponso ziphe zotere zimayenda ndi mphepo, kotero kuti zinapezeka ngakhale mu mkaka wa akazi a mtundu wa Inuit kumpoto kwa Canada, kutali ndi mafakitale.

Cifukwa ca ici maiko anapangana pangano mu mzinda wa Stockholm m'caka ca 2001, nachula mankhwala 12 oyenera kuthetsedwa kapena kucepetsedwa, dioxin ali pomwepo. Dziko la Zambia linavomereza panganolo mu 2006. Kutentha zinyalala poyera kunalembedwa m'menemo monga gwero limodzi la ciphe.

Tsono wina anganene msanga kuti mai uja akuswa lonjezo la dziko lace. Komatu iye ku Stockholm kunalibe. Cimene adziwa ndi nchenche, makoswe, ndi kolera imene inapha anthu m'makomboni a Lusaka mu 2017 ndi 2018. Akafuna kuti zinyalala zipite ku dzala lalikulu la ku Chunga ayenera kulipira ozinyamula, ndipo ndalama yomweyo ndiyo ya ufa ndi makala. Potentha zinyalala acotsa tsoka looneka ndi maso, naitana lina losaoneka. Pajatu cakudza siciimba ng'oma.

Pangano lomwelo liri ndi citsanzo coyenera kucilingalira. DDT ndi mmodzi wa mankhwala 12 aja, koma maiko sanamletse kotheratu: analola kuti apoperedwe m'nyumba kupha udzudzu kumene kulibe mankhwala ena abwino ndi ochipa. Mu 2000 kampani ya Konkola Copper Mines inayamba kupopera DDT ku Chingola ndi ku Chililabombwe, ndipo malungo anacepa. Ngati maboma anacitirana cifundo cotere, osalandana cida asanapatsane cina, mai wa ku Ng'ombe amanidwa bwanji? Wolonjeza ndi Boma. Ngongole yoyamba iri pa Bomalo, pa bungwe lace la ZEMA loyang'anira zacilengedwe, ndi pa Khonsolo ya mzinda, kuti galimoto la zinyalala lifike m'tinjira ta m'komboni pa mtengo woti wosauka angathe.

Koma mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu, namva za dioxin, sangabisale kumbuyo kwa amace. Galimoto alibe, nzoona. Komabe akhoza kupatula mapulasitiki asanakoleze moto, kukwirira masamba ndi makoko kuti asanduke manyowa, ndi kuchinga dzenje kuti nkhuku za pakhomo zileke kupalasa m'phulusa.