Kodi Chilembo Chili ndi Mwini Wake?

Mwana wa mlongo wanga atatsala pang'ono kulowa m'banja, abale adandituma kuti ndikakonzetse makadi oitanira anthu ku ukwati. Ukwatiwo udali woti ukadalitsidwe m'tchalitchi cha St Peter's pa Chipyela, kwathu ku Likoma, choncho ndinkafuna makadi oti munthu akalandira asataye. Mnyamata wina wa kashopu ka kompyuta adandionetsa zilembo zopendekera, za michira yopotana ngati zolembedwa ndi nthenga, ndipo ndidazikonda. Koma pamene ankazikopera pa intaneti, ndidaona mawu onena kuti zilembozo n'zaulere kwa wozigwiritsa ntchito payekha, koma wochita nazo malonda ayenera kulipira. Nditamufunsa, adaseka.

"Bambo, mwiniwakeyo ali kutali, sandidziwa n'komwe. Nanga ndamulanda chiyani? Zake akadali nazo."

Yankho limeneli si lopepuka. Wakuba bwato amasiya mwini wake ali chilili padooko, ana ake n'kugona ndi njala. Wokopera fonti, womwe ndi mtundu wa zilembo za pakompyuta, sasiya aliyense chimanjamanja. Komanso a, b ndi c si za munthu mmodzi. Ife tidazilandira kwa amishoni, iwonso adazilandira kwa makolo awo, mpaka kukafika kwa Aroma akale, popanda wolipira khobidi. Nanga lero chasintha n'chiyani?

Mbiri ya chilumba chathu ikhoza kutiunikira. Amishoni a UMCA atapeza malo ku Likoma m'chaka cha 1885, sadachedwe kubweretsa makina osindikizira. Pomafika 1893 n'kuti Chauncy Maples akutulutsa kanyuzi kotchedwa The Nyasa News pachilumba pompo. Zilembo za nthawi imeneyo zidali tizitsulo togulidwa ku Ulaya, tobwera pasitima, tosanjidwa kamodzikamodzi ndi zala. Funso la mnyamata uja silikadabuka, pakuti wofuna zilembo ankayenera kugula chitsulo. Kompyuta idachotsa chitsulocho n'kusiya maonekedwe okha. Tsono funso n'lakuti: kodi akale aja ankalipira chitsulo chokha, kapena ankalipiranso dzanja limene lidaumba chilembocho?

Taonani wolemba mayina pamaboti ku Mbamba. Zilembo zimene amalemba si zake, penti n'kutheka kuti wagula ndi mwini boti, komabe palibe amene amakana kumulipira. Timalipira dzanja lake, ndi zaka zimene adatha akuphunzira kukhotetsa burashi. Wopanga fonti naye ndi mmisiri wotero. Hermann Zapf wa ku Germany adatulutsa fonti yotchuka ya Zapfino m'chaka cha 1998, koma maziko ake adali zilembo zimene adajambula pamanja m'chaka cha 1944. Zaka 54 zidadutsapo. Tikanena kuti sitidamulande kanthu munthu wotere, ndiye kuti tikunena kuti thukuta si kanthu pokhapokha litasanduka chinthu chonyamulika. Chilembo n'cha tonse, inde, koma kaumbidwe kake kali ndi mwini.

Mawu akuti laisensi amaopsa ngati za kukhoti, koma nkhani yake ndi yomwe asodzi amaidziwa kale. Wobwereka bwato amamva kaye malire: ukafike pakuti, ubwere nthawi yakuti, ndipo ukapha usipa wambiri usaiwale mwini bwato. Wapempha bwato kuti akaone wodwala ku Chizumulu, koma n'kuyamba kuolotsa nalo anthu molipiritsa, sadabe bwatolo, komabe mudzi wonse umadziwa kuti walakwa. Zilolezo za mafonti zili chimodzimodzi. Chilipo cha ntchito ya pawekha, chosalola malonda. Chilipo choika fonti pakompyuta n'kumasindikizira makadi, mabuku ndi zikwangwani, ndipo mtengo wake kawirikawiri umatengera kuchuluka kwa oigwiritsa ntchito. China n'cha masamba a pa intaneti, chinanso n'cha mapulogalamu a pafoni. Wogula chimodzi asaganize kuti wagula zonse.

Wina anena kuti zimenezi n'za olemera, mnyamata wa pachilumba angawapeze kuti madola? Dandaulo limeneli likadandigwira mtima chikhala kuti kulibe chitsime china. Koma chilipo. M'chaka cha 2005 bungwe la SIL International lidakhazikitsa chilolezo chotchedwa Open Font License, chimene chimalola munthu kugwiritsa ntchito fonti kwaulere ngakhale pamalonda, kuisintha ndi kugawira anzake, bola asaigulitse payokha. Mafonti ambiri a pa Google Fonts ali pansi pa chilolezo chimenechi, kuphatikizapo a michira yopotana monga Great Vibes. Wodumpha chitsime chotsegula n'kukathyola loko pa mjigo wa mwini sangati lamukakamiza ndi ludzu.

Chilolezo chaulerechi chili ndi phindu linanso kwa ife. Mafonti ena okongoletsa alibe chilembo cha ŵ, chija ena amalemba m'dzina loti Malaŵi, moti ukachilemba pamangotuluka kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina. Zilolezo zambiri zogula siziloleza kusintha fonti, pamene chaulerechi chimalola waluso kuonjezera chilembo chosowacho n'kugawira onse. Akulu adati kupatsa n'kuika. Amisiri amene adapereka ntchito yawo kwaulere adachita kusankha okha, ndipo mphatso imakhala mphatso chifukwa mwini wake akadatha kukana. Tikamatenga za wopatsa ndi za wogulitsa mosasiyanitsa, timanyoza onse awiri.

Ife alembi nkhaniyi ikutikhudza koposa. Bungwe la COSOMA lidayamba ntchito m'chaka cha 1992 kuti liteteze aluso, ndipo lamulo latsopano la umwini wa zaluso lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2016. Timadandaula tikaona buku lathu litachitidwa fotokope n'kumazungulira sukulu yonse, ife osalandira kanthu. Koma wochita fotokopeyo amalankhula mawu omwe aja a mnyamata wa kashopu: ndamulanda chiyani, buku lake akadali nalo. Ngati mawuwa amatipweteka akanenedwa pa buku lathu, tingawayankhule bwanji pa zilembo zimene takongoletsera chikuto cha buku lomwelo?

Tsiku lija ndidamuuza mnyamatayo kuti, "Mphwanga, tiye tifune zina zimene eni ake adalola." Tidatha mphindi zosakwana khumi, ndipo tidazipeza. Iye sadaoneke kuti wagonja pamtsutsowo. Adangoti bola ntchito itheke. Makadi adatuluka bwino, ndipo palibe mlendo amene adadziwa kusiyana kwake. Mwini zilembo zoyamba zija sadzamva konse kuti kuli chilumba china pamene anthu awiri adasiya ntchito yake osaikhudza. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Kubweza bwato mwini wake ataima padooko, aliyense amatha. Khalidwe la munthu limaoneka pamene mwini bwato ali kutsidya, ndipo sadzabwera kudzafunsa.